Waya wotchipa anatsala pang'ono kuotcha nyumba ya azakhali kwa Dambe

Foni inalira kusanache bwino, ndipo nditangomva mawu a azakhali anga ndinadziwiratu kuti kumudzi kwagwa zina. Sanapereke n'komwe moni. "Iwe, nyumba ija ikanapsa usiku wathawu. Ubwere ku Tsoka tikambirane."

Azakhali angawa ali ngati ambiri a inu amene mukuwerenga nyuzi ino muli pa benchi kudikira kasitomala. Amagulitsa kaunjika mu msika wa Tsoka ku Lilongwe, ndipo kwa zaka zambiri akhala akudula pang'ono pa phindu la belo iliyonse n'kumamanga nyumba kwathu kwa Dambe m'boma la Mchinji, kufupi ndi pa Kapiri. Chaka chino njerwa, chaka chinacho malata, china simenti, mpaka nyumba inaima ndipo magetsi analowa. Mukukhala mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, ndi ana ake awiri.

Usiku umenewo msuweni wangayo anatereka nyemba pa hotipuleti, n'kuika madzi mu ketulo, n'kuyamba kusita yunifolomu za ana. Zonse zitatu zinali pa ekisitenshoni imodzi. Posakhalitsa anamva fungo la pulasitiki yopserera, ndipo potembenuka anaona soketi ikusungunuka, khoma likuda ndi utsi. Mwayi wake anathamangira kukazimitsa pa bokosi la magetsi. Zikanachitika anthu atagona, bwenzi lero ndikulemba nkhani ya maliro.

Mitengo itatu, nyumba imodzi

Azakhali anaganiza kuti popeza khoma ligobedwa kale, bola akonzeretu zonse. Amafuna wayaring'i yatsopano, malo a kuka yophikira, ndiponso soketi za ku kaokala komwe amanga kumaso kwa nyumba kuti mudzakhale filiji yaikulu yogulitsira nkhuku ndi zakumwa zozizira. Anafunsa amisiri atatu.

Woyamba anatchula mtengo pa foni pomwepo, nyumbayo osaiona. Wachiwiri anafika, anazungulira manja ali m'thumba, n'kutchula mtengo woposa wa woyamba pafupifupi kawiri, koma osalemba chilichonse. Wachitatu anakana kutchula ndalama. Iye anati apatsidwe tsiku loti akayeze nyumbayo, ndipo kotesheni adzaipereka yolemba papepala.

Tinene zoona, mtima wa azakhali unali pa woyamba uja. Ine ndinawafunsa kuti, "Azakhali, belo mumagula yosatsegula inde, koma kodi munatchulapo mtengo wa jekete musanaione ngati ili yong'ambika?" Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka n'kutulutsa ndalama ya minibasi. "Pita ndi wa tepi muyezoyo, ukandionere."

Ndiye Loweruka lake tinanyamuka ndi mmisiriyo, bambo wachikulire wa mayeso a Grade 1, kudzera msewu wa Mchinji. Tinatsika pa Kamwendo n'kukwera ina yolowera msewu wa ku Kasungu mpaka pa Kapiri, kenaka kabaza. Zomwe ndinaona tsiku limenelo ndizo ndikufuna kukugawirani, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi kanyumba komwe mukumanga kumudzi kapena ku Mtandire, ku Ndirande, ku Chibavi.

Matenda anapezeka kudenga

Tisanamwe n'komwe thobwa, amisiri anapempha makwerero n'kulowa kudenga ndi tochi. Atatsika anali ndi kachidutswa ka waya m'manja, kolimba ngati chikumba chouma, kakuda mbali imodzi.

Nkhani yake inali iyi. Poyamba nyumbayi inali ya zipinda ziwiri, ndipo wayaring'i yake inachitidwa mwadongosolo magetsi asanalumikizidwe. Koma azakhali atawonjezera zipinda zina ziwiri ndi khitchini, panapezeka mnyamata wina wa m'dera lomwelo amene anthu amati "amadziwa zamagetsi". Iyeyo sanavutike n'kukoka waya kuchokera pa bokosi. Anangolumikiza soketi zonse zatsopano ku waya wa mababu, uja woonda wa 1.5mm, n'kukulunga ndi tepi yakuda. Breaker itayamba kugwa pafupipafupi, anabweranso n'kuichotsa, n'kuikapo yaikulu yosagwa. Onse anamuyamikira kuti wathetsa vuto.

Amisiri anandipatsa cholembera kuti ndiwerengere ndekha. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu ndi a mphamvu ya ma volt 230. Chipangizo chilichonse chili ndi kachikwangwani kosonyeza ma watt ake. Tinatembenuza hotipuleti, inalembedwa 2,000. Ketulo 2,000. Simbi 1,200. Pamodzi ndi 5,200. Mukagawa ndi 230 mupeza ma amp oposa 22. Waya wa 1.5mm amanyamula pafupifupi ma amp 15 basi. Kuli ngati kukweza matumba khumi a mtedza pa njinga ya kabaza. Breaker ndi mlonda woti akaona katundu wachuluka adule magetsi waya asanatenthe, ndiye mnyamata uja pochotsa yaing'ono n'kuikapo yaikulu anachotsa mlonda ntchito n'kusiya chitseko chotsekula.

Apa pali chinthu chomwe ambiri sitichidziwa. Udindo wa ESCOM umathera pa mita. Kuyambira 2017 magetsi ambiri amapangidwa ndi kampani ya EGENCO ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo ESCOM ndi imene imawafikitsa pa polo ndi pa mita yanu. Kuchokera pamenepo kulowa m'nyumba, zonse ndi za mwini nyumba ndi mmisiri amene wamulemba. Bungwe la MERA, lomwe linabadwa kudzera m'malamulo a zamphamvu a 2004, ndi lomwe limapereka ziphaso kwa amisiri ndi makontirakitala a zamagetsi. Nyumba ikapsa chifukwa cha waya amene munalola munthu wopanda chiphaso kuti aike, mulibe kolozera chala.

Mmene mtengo umabadwira

Kenaka ntchito yoyeza inayamba, ine ndikugwira mapeto a tepi ngati mwana wa sukulu.

Choyamba amisiri anakhala pansi ndi msuweni wanga n'kumufunsa chilichonse chomwe chimalumikizidwa ku magetsi m'nyumbamo, komanso chomwe akulingalira kudzagula m'zaka zikubwerazi. Ati mababu a masiku ano a LED sadya kanthu, khumi pamodzi sakwana ngakhale ma watt 100. Wailesi, TV ndi kutchaja mafoni nazonso ndi zopepuka. Zolemera ndi zonse zotenthetsa: kuka, hotipuleti, ketulo, simbi, giza. Kuka ya mbale zinayi ndi uvuni ikayaka yonse imatha kupitirira ma watt 6,000, n'chifukwa chake imafuna waya wakewake wa 6mm ndi breaker yakeyake, osagawana ndi china chilichonse. Soketi zimafuna waya wa 2.5mm. Mababu ndiwo a 1.5mm.

Msuweni wanga atatchula kuti amuna ake amalota zodzaika chigayo kuseri kwa nyumba, amisiri anaseka n'kunena kuti zimenezo zisalowe mu pepala lino. Chigayo chimafuna magetsi a three phase, ndipo imeneyo ndi nkhani yokapempha ku ESCOM payokha, yomwe imadaliranso ngati thiransifoma ya m'deralo ingakwanitse.

Chachiwiri anawerenga mapoyinti, kutanthauza malo aliwonse pomwe padzakhale babu, siwichi kapena soketi. Anayenda chipinda ndi chipinda akulemba ndi choko pakhoma. Kuphatikiza ndi kaokala kaja, panapezeka mababu 11, masiwichi 9, soketi 8 ndi poyinti imodzi ya kuka.

Chachitatu, kuyeza mtunda. Apa ndi pomwe ndinatseguka maso. Ine ndinkaganiza kuti ngati kuchokera pa bokosi kuzungulira soketi zonse ndi mamita 40, ndiye kuti waya wofunika ndi mamita 40. Ayi ndithu. Mu paipi iliyonse mumayenda mawaya atatu, wofiira wa moto, wakuda wobwezera ndi wobiriwira wa earth. Choncho mamita 40 asanduka 120. Pamwamba pake amawonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi chifukwa cha makona, zodukaduka ndi kutsika kuchokera kudenga kufika pa soketi. Waya amagulitsidwa m'marolo a mamita 100, ndipo mtundu uliwonse uli ndi rolo yake. Apa mmisiri wachilungamo amaonekera: amakuuzani kuti pa rolo iyi padzatsala waya wochuluka chonchi, ndipo ndi wanu.

Chachinayi ndi zinthu zomwe mwini nyumba saziona koma ndi zomwe zimapulumutsa moyo. Bokosi latsopano la ma breaker lomwe amalitcha DB, lokhala ndi malo otsala oti mtsogolo muno mudzawonjezere. Chida cha earth leakage chomwe chimadula magetsi msanga munthu akagwidwa. Chitsulo cha earth chokhomera pansi panja pa nyumba. Mapaipi, mabokosi a m'khoma, simenti ndi mchenga wotsekera momwe agoba. Amisiri anati mukaona kotesheni yotchipa modabwitsa, fufuzani zinthu zimenezi, chifukwa kawirikawiri ndi zomwe zachotsedwa. Babu imayakabe popanda earth, ndiye mwini nyumba amaombera m'manja osadziwa kuti wagula nyumba yopanda mlonda.

Lebala, thiransipoti ndi phindu

Titakhala pansi pa mtengo wa mango kudya nsima ya nkhwani wotendera, ndinawafunsa funso lomwe azakhali anandituma. "Nanga inuyo bambo, ya lebala mumaiwerengera bwanji? Anthu amati mumangoyang'ana nsapato za mwini nyumba."

Anaseka mpaka kutsamwa, koma anavomera kuti alipo otero. Kenaka anafotokoza kuti pali njira zitatu. Ena amatchaja pa poyinti iliyonse. Njira imeneyi ndi yosavuta kuimva, koma siyisiyanitsa poyinti ya pafupi ndi bokosi ndi ya ku kaokala komwe pafunika kukumba ngalande, kapenanso nyumba yatsopano yosapaka pulasitala ndi yakale yofunika kugoba khoma. Ena amatenga gawo la mtengo wa zipangizo ngati lebala yawo. Vuto lake n'lakuti zipangizo zikachuluka nayonso lebala imakwera, ndiye munthu wosakhulupirika amangochulutsa marolo papepala. Iwowo amawerenga masiku. Nyumba ya azakhali anaiona kuti ndi ya masiku asanu, iwo ndi wothandizira mmodzi: tsiku lochotsa waya wakale, masiku awiri ogoba ndi kuika mapaipi, tsiku lokoka waya, ndi tsiku lomanga bokosi n'kuyesa zonse ndi makina.

Ntchito yokonza nyumba yakale, ati, imadula kuposa yatsopano, chifukwa sudziwa chomwe ukachipeze ukatsegula khoma. N'chifukwa chake amalemba pansi pa kotesheni kuti chilichonse chobisika chikapezeka, adzayamba aimitsa ntchito n'kumuonetsa mwini nyumba asanawonjezere tambala.

Kenaka pali thiransipoti. Kwa Dambe si ku Area 25. Siwichi kapena babu mutha kuzipeza pa Kapiri kapena pa Kamwendo, koma DB yabwino ndi marolo a waya wodalirika nthawi zambiri n'zokagula ku Lilongwe, m'masitolo a mu msewu wa Malangalanga ndi madera ozungulira. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Mchinji ndi makilomita oposa 100, ndipo katunduyo amalipiridwa mu minibasi ndi pa kabaza. Mukaiwala kachinthu kamodzi, tsiku lathunthu lapita. Mmisiri amene sanawerengere zimenezi amadzazibweza podula ngodya pa ntchito, kapena amangosowa ntchito ili pakati, foni osayankha.

Chomaliza ndi phindu, ndipo apa amisiri analankhula ngati mmodzi wa inu. Anati wogulitsa tomato amene amagulitsa pa mtengo womwe anaodera, osawerengera chiphaso cha msika, thiransipoti ndi tomato woola, mwezi sutha mpamba usanathe. Naye mmisiri ali ndi makina oyesera omwe amawonongeka, chiphaso chofunika kulipira, ndi ulendo wobwerera ulere ngati china chavuta ntchito itatha. Mmisiri wosaika phindu si wachifundo ayi, ndi amene mawa simudzamupeza.

Kotesheni imaola ngati tomato

Pansi pa pepala lawo panalembedwa kuti mtengowu ugwira ntchito kwa masiku 14 okha. Azakhali ataona zimenezi anakwiya, amvekere akuwathamangitsa ngati ali ndi ngongole. Koma chifukwa chake inu amalonda mukuchidziwa kuposa ine.

Mkati mwa waya muli mkuwa, ndipo mtengo wa mkuwa umakhazikitsidwa m'madola pa misika ya kunja monga wa London Metal Exchange. Ma breaker, soketi ndi masiwichi ambiri amachokera kunja. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 iliyonse. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 pa 100, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti mmisiri analemba zipangizo za K100,000 sabata imeneyo isanafike, mwini nyumba n'kubwera ndi ndalama patatha mwezi. Katundu yemweyo akanafuna K144,000 kapena kuposa. Ndalama yapamwambayo atulutse ndani? Mikangano yambiri ya amisiri ndi eni nyumba imayambira pamenepa, ndipo kawirikawiri amene amalipira ndi waya, chifukwa mmisiri amakagula woonda kuti ndalama ikwane.

Pokhala kuti Mchinji ndi boma la m'malire, ena amadutsa pa Mwami kukagula ku Chipata. Zambia ndi dziko la mkuwa ndipo ili ndi fakitale yake ya waya ya ZAMEFA ku Luanshya. Koma amisiri anachenjeza kuti muyambe mwawerengera kasinthidwe ka ndalama, msonkho wa pa chipata ndi ulendo, chifukwa nthawi zina zomwe mumati mwapulumutsa zimathera panjira.

Kulikonse komwe mwagula, chenjerani ndi waya wachinyengo. Alipo wina amene kunja amaoneka ngati mkuwa koma mkati ndi aluminiyamu wongopakidwa. Palani kachingwe kamodzi ndi mpeni, mukaona kuyera mkati, musiyeni. Nyamulaninso rolo m'manja: wa mkuwa weniweni amalemera. Ena amalemba mamita 100 pomwe mkatimo sakwana. Monga mmene mumafinyira thumba la mpunga musanaode, nayenso waya mufinyeni.

Zoti mufunse musanapereke ndalama

Safunsa anadya phula, abale anga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno ndi nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse zomwe zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi zinali zochepa kwambiri. Kuchokera nthawi imeneyo mapolo akhala akulowa m'madera ambiri kudzera mu ndondomeko ya MAREP ndi zina, kutanthauza kuti mabanja ochuluka akukumana ndi mmisiri wa magetsi koyamba m'moyo wawo, osadziwa chofunsa.

Funsani chiphaso cha MERA ndipo muchione ndi maso anu. Mmisiri afike pa nyumba, akwere kudenga, atsegule bokosi. Kotesheni ikhale yolemba, zipangizo pazokha, lebala payokha, thiransipoti payokha, ndipo pa waya aliyense alembe kukula kwake ndi chiwerengero cha marolo. Mukafuna kufananiza mitengo ya amisiri awiri, fananizani mzere ndi mzere, osati nambala ya pansi yokha. Ngati n'kotheka pitani limodzi kokagula zipangizo ndipo malisiti musunge ndinu. Ya lebala musapereke yonse poyamba. Gawo lomaliza lidikire mpaka ayese ntchito yawo inu mukuona, ndipo alembe pa DB kuti breaker iyi ndi ya chiyani. Pomaliza, breaker ikamagwa pafupipafupi musalole munthu kuikapo yaikulu. Ikukuuzani kuti katundu wachuluka.

Mmene zinathera

Lolemba madzulo amisiri anabwera ndi pepala lawo ku Tsoka. Mtengo wawo unali pakati, wokwera kuposa wa munthu wa pa foni uja koma wotsikirapo poyerekeza ndi wa manja m'thumba. Azakhali anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga mzere ndi mzere ngati akuwerenga ngongole za makasitomala, kenaka n'kuyamba kunenerera monga mwa chizolowezi chawo.

"Abambo, chotsaniko pang'ono. Ka earth leakage aka ndi kodula bwanji, sitingakasiye?"

"Mayi, chotsani china chilichonse koma chimenecho ayi. Muli adzukulu m'nyumba muja."

Anakambirana mpaka anzawo a mabenchi oyandikana anayamba kulongedza. Mapeto ake anagwirizana zogawa ntchitoyo pawiri. Gawo loyamba ndi lomwe silingadikire: kuchotsa waya wopsa uja, kuika DB yatsopano, earth, ndi soketi zonse pa waya wa 2.5mm. Gawo lachiwiri, la kuka ndi kaokala, lidikire azakhali agulitse mabelo a nyengo yozizira, koma paipi yake iikidwiretu m'khoma tsopano kuti asadzagobenso kawiri. Amisiri analemba pansi kuti mtengo wa zipangizo za gawo lachiwirilo adzauwerengeranso nthawi yake ikakwana, ndipo onse awiri anasayina, ine ngati mboni.

Ntchito ya gawo loyamba inatenga masiku anayi. Msuweni wanga akuphikabe nyemba pa mbaula ya makala, ndipo wauzidwa kuti ketulo ndi simbi asamazilumikize pa ekisitenshoni imodzi ngakhale waya ali watsopano. Kachidutswa ka waya wopserera kaja azakhali anakatenga. Akukasunga m'kachikwama ka ndalama pa benchi yawo, ndipo mnzawo aliyense akayamba kudzitama kuti wapeza mnyamata wotchipa woti amuikire magetsi kumudzi, iwo amangokatulutsa n'kumupatsa kuti akanunkhize.